Khadi la Moni wa Caka Catsopano ca Ayuda

Mwana waulemu sapitirira munthu wamkulu pa njira osampatsa moni. Ici tonse tinaciphunzira kwa makolo athu tisanayambe sukulu. Tidziwanso kuti moni suli wofanana ponse ponse. Kwina mwana amagwada, kwina amaomba m'manja, kwina anthu amagwirana canza. Munthu wanzeru akafika kwa eni amayamba wayang'ana m'mene eni mudzi acitira, kuopa kuti angakhumudwitse anthu amene iye afuna kuwalemekeza.

Koma mnzathu akakhala kutali sitingathe kumuombera m'manja. Pamenepo timatuma pepala kuti likapereke moni m'malo mwathu. Pepala lopindidwa pakati, lokhala ndi cithunzi kunja ndi mau a mafuno abwino m'kati, dzina lace ndi khadi. M'phunziro lino tidzapanga khadi ndi manja athu. Silidzakhala la Krisimasi, limene ambiri a inu munaliona kale, koma la tsiku lalikulu la Ayuda. Cifukwa cace tisanagwire sizasi tiyambe tadziwa za eni ace a tsikulo, pakuti akulu anati, "Safunsa anadya phula."

1. Tsiku la Rosh Hashanah

Ayuda ndiwo mbumba ya Abrahamu, Isake ndi Yakobo. M'caka ca 2023 analipo oposa mamiliyoni 15 pa dziko lonse, ndipo ambiri a iwo amakhala ku Israel ndi ku America. Cinenero ca mapemphero ao ndi Cihebri, ndipo nyumba yao yopemphereramo ndi sunagoge.

Ife timawerenga caka potsata dzuwa, ndipo caka cathu ciri ndi masiku 365. Ayuda amawerenga miyezi yao potsata mwezi wa kumwamba, monga anacitira makolo athu kale. Mwezi wao uli ndi masiku 29 kapena 30, kotero kuti miyezi 12 imakwana masiku ngati 354 okha. Pa caka ca dzuwa paperewera masiku 11. Akanangoleka cotero, masiku ao akulu akanasuntha caka ndi caka mpaka kucoka m'nyengo yace. Tsono amaonjezapo mwezi wa 13 kasanu ndi kawiri m'zaka 19 ziri zonse, ndipo cotero miyezi imabwerera m'malo mwace.

Caka cao catsopano amaciti Rosh Hashanah, ndiko kunena kuti "mutu wa caka". Amacisunga pa tsiku loyamba ndi laciwiri la mwezi wao wa Tishri, ndipo tsiku loyambalo limagwa pakati pa 5 September ndi 5 October, nyengo imene kuno kwathu kuli kutentha ndipo mitengo iri kuphuka. Kwa Ayuda tsiku limayamba dzuwa likalowa. Cotero m'caka ca 2025 Rosh Hashanah inayamba madzulo a pa 22 September, ndipo iwo analowa m'caka cao ca 5786. Aphunzitsi ao akale anawerenga zakazi kuyambira pa kulengedwa kwa dziko. Mukafuna kudziwa caka cimene iwo alowamo pa Rosh Hashanah, onjezani 3761 pa caka cathu.

Tsikuli siliri la phokoso ndi magule monga 1 January. Ndi tsiku lakuti munthu adziyese mumtima. Ayuda amaphunzitsa kuti pa tsikulo Mulungu amaweruza anthu onse, nalemba m'buku zimene zidzaonekera munthu ali yense m'caka cirinkudza. Ciweruzoco cimatsimikizidwa pa tsiku lakhumi la mwezi womwewo, tsiku la Yom Kippur, pamene iwo amasala kudya ndi kumwa kwa maola ngati 25. M'masiku khumi amenewa munthu amapita kwa amene anamlakwira kukapepesa, pakuti aphunzitsi ao amati colakwira mnzako sicifafanizika ndi pemphero lokha, koma uyambe wayanjana naye mnzakoyo.

M'sunagoge amaomba lipenga lopangidwa ndi nyanga ya nkhosa yamphongo, dzina lace shofar. Lamulo la tsiku loomba malipenga liri m'buku la Levitiko mutu 23 ndi la Numeri mutu 29. Nyangayo imawakumbutsa nkhosa ija inakodwa ndi nyanga zace m'ciyangoyango, imene Abrahamu anaipereka nsembe m'malo mwa mwana wace Isake, ndipo nkhani imeneyi amaiwerenga pa tsiku laciwiri. Ku nyumba banja limasonkhana pa cakudya. Amatenga apulo, naliduladula, nasunsa mu uci, kupempha kuti caka cikhale cokoma. Buledi wa tsikulo amamuumba wozungulira, monga caka cizungulira ndi kubweranso. Ambiri amadyanso khangaza, cipatso cofiira codzala ndi njere, ndi kufuna kuti nchito zao zabwino zicuruke monga njerezo.

Kumbukirani zinthu izi: nyanga, apulo, uci ndi khangaza. Ndizo zithunzi zoyenera pa khadi lathu.

2. Ciyambi ca Makhadi Amenewa

Mwambo wotumizirana mafuno abwino a caka catsopano ndi wakale pakati pa Ayuda. Ku mzinda wa Mainz m'dziko la Germany kunali mphunzitsi womveka, Rabi Jacob Moelin, amene anamwalira m'caka ca 1427. M'buku la miyambo yace munalembedwa kuti kuyambira mwezi wa Elul, umene umatsogolera Tishri, munthu wolembera mnzace kalata ayambe ndi kumfunira caka cabwino. Poyamba anali mau owerengeka okha pamwamba pa kalata wamba.

Makhadi osindikiza anadza pambuyo. Khadi loyamba la Krisimasi logulitsa analisindikizitsa Henry Cole ku London m'caka ca 1843. M'caka ca 1869 a positi a ku Austria anayamba kugulitsa timakhadi totumiza popanda envulopu, ta mtengo wocepa. Sipanapite zaka zambiri, osindikiza a ku Germany, a ku Warsaw ndi a ku New York anayamba kupanga makhadi a Rosh Hashanah ambirimbiri.

Panali cifukwa cace. Pakati pa 1881 ndi 1924 Ayuda oposa mamiliyoni awiri anacoka kum'mawa kwa Ulaya kunka ku America, kuthawa umphawi ndi cizunzo. Mabanja anagawanika. Mnyamata anali tsidya lija la nyanja, amace atatsala ku mudzi, ndipo ambiri sanaonanenso mpaka imfa. Khadi la caka catsopano ndilo linali kuuza nkhalamba kuti mwana wao ali moyo ndipo sanawaiwale. Ncifukwa cace pa makhadi ambiri a nthawi imeneyo panali zithunzi za sitima za pamadzi.

Ena mwa apaulendo aja anafika kuno kwathu. Elie Susman ndi mbale wace Harry, obadwira ku Lithuania, anaoloka Zambezi m'caka ca 1901 kukagula ng'ombe ku dziko la Alozi m'masiku a mfumu Lewanika. Pambuyo pace Ayuda anamanga sunagoge ku Livingstone, ndipo mwala wa maziko ace unaikidwa m'caka ca 1928. Masunagoge ena anamangidwa ku Lusaka ndi ku migodi. M'zaka za m'ma 1950 m'dziko lino munali Ayuda ngati 1,000. Mmodzi wa iwo, Simon Zukas, anagwirizana ndi anthu akuda pokana citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo boma la atsamunda linampitikitsa m'caka ca 1952. Anabwerera dziko litalandira ufulu, nakhala nduna ya boma m'zaka za m'ma 1990, namwalira m'caka ca 2021. Ambiri a Ayuda aja anasamukira ku maiko ena m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970. Cotero khadi limene tidzapanga ndi la anthu amene anakhala nafe m'dziko limodzi.

3. Zipangizo

Mwana ali yense akhale ndi zinthu izi: mapepala awiri oyera a msinkhu wa A4, ndiwo a masentimita 21 m'mimba ndi pafupifupi 30 m'litali, pensulo losongoka, rula, sizasi, mapensulo a utoto, makamaka lofiira, lobiriwira ndi la buluu, ndi phala lomatira.

Phala lomatira tingalipange tokha. Tengani supuni imodzi ya ufa wa tirigu kapena wa cinangwa, muusungunule m'masupuni asanu a madzi ozizira. Ikani pa moto wocepa ndi kutakasa kosalekeza kufikira litalimba ngati phala la mwana. Lilekeni lizizire. Phala limeneli likwanira ana khumi.

Musanayambe, sambani m'manja ndi kupukuta bwino, ndipo pukutaninso tebulo. Cala cimodzi ca thukuta cikhoza kuononga nchito ya tsiku lonse, ndipo muli ndi mapepala awiri okha.

4. Kapindidwe ka Khadi

Pepala lathu ndi lopyapyala, ndipo tikalipinda kamodzi kokha silingaime pa tebulo. Cotero tidzalipinda kawiri.

Goneka pepala loyamba pa tebulo, mbali yace yaifupi iri kwa inu. Gwirani mphepete ya kumtunda, muikokere kwa inu kufikira italingana ndi mphepete ya kumunsi. Musafulumire kukanikiza. Yambani mwaona kuti ngondya ziri pamwamba pa ngondya zinzace, osapitirira ngakhale pang'ono. Mukakhutira, gwirani ndi dzanja limodzi, ndipo ndi cikhadabo ca dzanja linalo kanikizani kuyambira pakati kunka kumanja, ndiponso kuyambira pakati kunka kumanzere. Mukayambira ku mphepete pepala limapotoka. Mzere wopindika molakwa sufafanizika, ngakhale muusite ndi nsimbi. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Kupinda kwaciwiri ndiko kufuna nzeru. Tengani buku lanu la Cinyanja muliyang'ane. Msana wace uli kumanzere, ndipo cikuto cimatseguka kunka kumanzere, cifukwa ife timawerenga kucokera kumanzere kunka kumanja. Cihebri cimalembedwa kucokera kumanja kunka kumanzere. Cotero buku la Cihebri liri ndi msana wace kumanja, ndipo tsamba limene ife tingaliyese lotsiriza ndilo loyamba kwa iwo. Palibe lamulo lakuti khadi liri lonse la Ayuda litseguke motero, ndipo ambiri ogula m'sitolo amatseguka monga athu. Koma popeza pa cikuto ca khadi lathu tidzalembapo Cihebri, tidzalipinda monga buku lao.

Tsono gwirani mphepete ya kumanja, muiike pamwamba pa mphepete ya kumanzere. Linganizani ngondya, ndipo kanikizani monga poyamba paja. Tsopano khadi lanu liri ndi msana wace kumanja. Liyeseni ndi rula: likhale masentimita 10 ndi theka m'mimba, ndi pafupifupi 15 m'litali. Liimikeni pa tebulo lotseguka pang'ono. Likaima osagwa, mwapinda bwino.

5. Cithunzi ca pa Cikuto

Tengani pepala laciwiri. Pindani ngondya imodzi ya kumtunda kufikira mbali yaifupi itagona pa mbali yaitali. Kumunsi kudzatsala kacigawo kopingasa. Kaduleni mosamala. Tsopano muli ndi pepala la mbali zinai zofanana, za masentimita 21, limene tidzapangira envulopu, ndi kacigawo kaja, kamene tidzadulapo zithunzi. Cotero palibe pepala lotayika.

Ayuda a ku Poland ndi maiko oyandikana nalo anali akatswiri a luso lodula mapepala. Anali kupinda pepala pakati, kulemba theka la cithunzi, ndi kuceka ndi kampeni kakuthwa. Potambasula, mbali zonse ziwiri zinali kutuluka zofanana. Zithunzi zotere anali kuzipacika pa khoma la kum'mawa, loyang'ana ku Yerusalemu. Ife tidzatsata njira yomweyo popanga khangaza.

Dulani kacidutswa ka masentimita 7 mbali zonse, mukapake utoto wofiira mbali imodzi. Kapindeni pakati, kofiira kali m'kati. Kuyambira pa mzere wopinda, lembani theka la cinthu cozungulira ngati lalanje. Pamwamba pace lembani kakhosi kakafupi, ndi pamwamba pa kakhosi timano tiwiri tosongoka, pakuti khangaza liri ndi kacisoti ngati ka mfumu. Dulani motsata mzere wa pensulo, mapepala onse awiri pamodzi. Cenjerani kuti musadule mzere wopinda, cifukwa mukatero mudzakhala ndi matheka awiri m'malo mwa cipatso cimodzi. Podula, yendetsani pepala, sizasi ikhale malo amodzi. Tambasulani, ndipo mudzaona khangaza lathunthu. Pakati pace lembani timadontho tambiri takuda, ndito njere zace. Wofuna apulo acite cimodzimodzi, aonjezepo tsamba lobiriwira.

Tsono lembani mzere wosaoneka kwambiri kuzungulira cikuto, sentimita imodzi kucokera ku mphepete. Zonse zikhale m'kati mwa mzere umenewu. Ikani khangaza kumtunda osamata, muone ngati liri pakati. Mukatsimikiza, pakani phala pang'ono ndi kamtengo kapena nthenga. Phala likacuruka pepala limacita makwinya. Matani, ikani kapepala koyera pamwamba, ndi kusisita ndi dzanja.

6. Nyenyezi ya Davide

Tsegulani khadi. Pa tsamba la kumanja tidzalembapo nyenyezi ya nsonga zisanu ndi imodzi, imene ndi cizindikiro ca Ayuda, ndipo iri pa mbendera ya dziko la Israel kuyambira m'caka ca 1948.

Tsegulani kampasi masentimita 3, mulembe mzere wozungulira. Musasinthe kampasiyo. Lasani nsonga yace pamwamba peni peni pa mzerewo, muike cizindikiro pamene pensulo likhudza mzere. Sunthani nsonga kunka pa cizindikiroco, muikenso cina. Mukapitiriza cotero mudzabwerera pamene munayambira, muli ndi zizindikiro zisanu ndi cimodzi zotalikirana mofanana. Ziwerengeni kuyambira 1 mpaka 6. Ndi rula lumikizani 1 ndi 3, 3 ndi 5, 5 ndi 1. Ndiponso lumikizani 2 ndi 4, 4 ndi 6, 6 ndi 2. Fafanizani mzere wozungulira uja, ndipo nyenyezi yatsala.

Amene alibe kampasi atenge cibvundikiro ca citini caching'ono, alembe mozungulira pa pepala lakale, adule. Apinde pakati, ndipo thekalo alipindenso patatu mofanana. Potambasula adzaona mizere isanu ndi umodzi yofika ku mphepete. Aike cozunguliraco pa khadi, naike zizindikiro pamene mizereyo ithera.

Nyenyeziyi muipake utoto wa buluu. Musaipake utoto wa cikasu. Pa nkhondo yaikulu ya 1939 mpaka 1945, boma la Hitler linakakamiza Ayuda kubvala nyenyezi ya cikasu pa cifuwa, kuti adziwike ndi kunyozedwa. Ku Germany lamulo limeneli linayamba mu September 1941. Ayuda ngati mamiliyoni asanu ndi limodzi anaphedwa m'zaka zimenezo, ndipo pakati pao panali ana ambiri a msinkhu wanu. Mwana wosadziwa angasankhe cikasu cifukwa nyenyezi za kumwamba zimawala motero, koma wolandira khadilo adzakumbukira maliro a abale ace pa tsiku la cikondwerero.

Palinso zinthu ziwiri zosayenera kuikapo. Coyamba ndico zizindikiro za cipembedzo cina, monga mtanda kapena mtengo wa Krisimasi, pakuti tsikuli ndi lao. Caciwiri ndico dzina la Mulungu. Ayuda amaliopa kwambiri dzina limeneli, ndipo pepala lolembedwapo dzinalo m'Cihebri salitaya ku dzala, koma amalisunga pa malo opatulika kufikira atalikwirira m'manda. Khadi ndi cinthu cimene cimatayika, cotero nkwabwino kusalembapo dzinalo konse.

7. Mau a Moni

Moni wa tsikuli ndi mau awiri, Shanah Tovah, ndiko kuti "caka cabwino". Ena amaonjezapo liu lacitatu, umetukah, ndiko kuti "ndi cokoma". M'zilembo zao mau awiriwo amaoneka motere:

שנה טובה

Cihebri ciri ndi zilembo 22, koma pano tifuna zisanu ndi cimodzi zokha, pakuti He tidzamlemba kawiri. Yambani kuwerenga kumanja. Liu loyamba liri ndi zilembo zitatu: Shin (ש), Nun (נ) ndi He (ה). Laciwiri liri ndi zinai: Tet (ט), Vav (ו), Bet (ב) ndi He (ה).

Pansi pa khangaza lembani mizere ya pensulo ya mau awiri, liu loyamba pamwamba, laciwiri pansi pace, zilembo zitalike masentimita 2. Yambirani kumanja. Shin ali ndi mikono itatu yoloza kumwamba, ngati phanda la nthambi zitatu. Vav ndi kamzere koimirira kokhala ndi kamutu. Cilembo cofuna maso ndi He. Iye ali ngati nyumba ya denga ndi mizati iwiri, koma mzati wa kumanzere sufika ku denga, pamatsala kampata. Mukatseka kampatako mwalemba cilembo cina, dzina lace Het (ח), ndipo mau aonongeka. Bet nayenso ali ndi kamcira kumunsi ca kumanja, ndipo kopanda iko amafanana ndi Kaf (כ). Inu mudziwa kale kuti m'Cinyanja kupala ndi kuphala ndi zinthu ziwiri zosiyana, ngakhale kusiyana kwace ndi cilembo cimodzi. Cotero yesani kasanu pa sileti kapena pa pepala lakale, aphunzitsi aone, ndipo pamenepo lembani pa khadi, poyamba ndi pensulo, pambuyo pace ndi utoto.

M'kati, pa tsamba la kumanzere, lembani mau anu m'cinenero cimene wolandira amamva. Akhale ocepa ndi aulemu, monga awa:

Kwa Bambo ndi Mai ........,
Ndikufunirani caka cabwino ndi cokoma monga uci.
Mulembedwe m'buku la moyo, inu ndi ana anu.
Ine mwana wanu,
........

Mukatha, tsekani khadi, muliike pakati pa mapepala awiri oyera, ndi kulitsendereza ndi mabuku olemera usiku wonse kuti liume loongoka.

8. Envulopu ndi Katumizidwe

M'mawa mwace tengani pepala lija la mbali zinai zofanana. Ligonekeni kuti ngondya imodzi iloze kwa inu. Ikani khadi pakati peni peni, mopingasa. Pindani ngondya ya kumanja ndi ya kumanzere pamwamba pa khadi, kusiya kampata kuti khadi lizilowa ndi kuturuka mosabvuta. Pindani ngondya ya kumunsi. Cotsani khadi, ndipo matani mphepete za ngondya ya kumunsi pa ziwiri zija. Phala likauma bwezerani khadi, pindani ngondya ya kumtunda, ndi kumata. Tembenuzani, lembani dzina ndi keyala pakati, ndipo sitampa muiike pa ngondya ya kumtunda ca kumanja.

Khadi litumizidwe msanga, m'mwezi wa Elul, ndiwo kumapeto kwa August kapena kuciyambi kwa September. Pa masiku awiri a Rosh Hashanah Ayuda osunga mwambo sagwira nchito, salemba, sadula kanthu, ndipo ambiri sang'amba ngakhale envulopu. Cotero khadi lanu lifike tsiku lalikulu lisanakwane.

Masiku ano anthu ambiri amatumizirana moni pa foni, ndipo mau amafika nthawi yomweyo. Koma ana a m'sukulu za Ayuda amapangabe makhadi ndi manja ao, kupatsa makolo ndi agogo ao. Wolandira khadi lotere amaona nthawi imene mwana anatayirapo. Akaona kuti msana uli kumanja, nyenyezi ndi ya buluu, ndipo kampata ka He nkotseguka, amadziwa kuti wopanga anayamba wafunsa za mwambo wace. Umenewo ndiwo ulemu, ndipo muucite kwa munthu wa mtundu uli wonse ndi cipembedzo ciri conse amene mufuna kumpatsa moni.

Mau Oti Muwakumbukire

Rosh Hashanah: mutu wa caka, caka catsopano ca Ayuda.
Yom Kippur: tsiku la citetezero, lakhumi la mwezi wa Tishri.
Shofar: lipenga la nyanga ya nkhosa yamphongo.
Shanah Tovah: caka cabwino.
Khangaza: cipatso cofiira ca njere zambiri.

Mafunso

1. Cifukwa ninji Ayuda amaonjeza mwezi wa 13 m'zaka zina?
2. Dziko la Zambia linalandira ufulu mu October 1964. Kodi Ayuda anali atalowa m'caka cao citi?
3. Kodi Myuda amacita ciani m'masiku khumi a pakati pa Rosh Hashanah ndi Yom Kippur?
4. Nanga apulo wosunsa mu uci atanthauza ciani?
5. Cifukwa ninji makhadi a caka catsopano anacuruka pambuyo pa caka ca 1881?
6. Cifukwa ninji msana wa khadi lathu uli kumanja?
7. Chulani zinthu zitatu zosayenera pa khadi limeneli, ndipo perekani cifukwa ca ciri conse.

Nchito

1. Pangani khadi ndi envulopu monga mwaphunzira. Ngati simudziwa Myuda woti mumtumizire, aphunzitsi adzapacika makhadi pa khoma la kalasi.
2. Pezani Lithuania, Poland, Germany, Israel ndi mzinda wa Livingstone pa mapu.
3. Funsani agogo anu maina a miyezi m'cinenero canu, ndi m'mene makolo anadziwira kuti caka catha. Lembani mizere khumi.
4. Ganizani za munthu amene munamlakwira caka cino. Pangani khadi lina lotseguka monga buku la Cinyanja, mulembemo mau opepesa, ndipo mukampatse ndi manja awiri.